Ming'alu pa nyumba ya agogo ku Mufakose: kodi ikutitimira?

Nabanda_Mufakose

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu odziwa zomangamanga, chifukwa nyumba yathu yatisowetsa mtendere.

Nyumbayi ndi ya agogo anga aamuna. Anachoka ku Ntcheu nthawi ya chitaganya n'kudzagwira ntchito kuno mzinda uno wa Harare ukadali Salisbury, ndipo analowa m'nyumbayi ku Mufakose chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ndi zija za khonsolo za zipinda zinayi, zanjerwa, denga la asibesitosi. Banja litakula, malemu bambo anga anawonjezera zipinda ziwiri ndi khitchini kumbuyo, m'zaka za m'ma 1990. Pano timakhalamo ine, mayi, ana anga awiri, ndi mnyamata wa lendi amene ali m'chipinda chakumapeto.

Timing'alu tating'ono tinalipo kuyambira kale, tinkangotipaka penti pa Khirisimasi n'kuiwala. Koma chichokereni chilala cha 2024 zinthu zasintha. Pamene nyumba yakale inakumana ndi yowonjezerayo pali mng'alu woongoka, kuchokera kudenga mpaka pansi. Kumwamba ndi waukulu, chala changa chaching'ono chimalowa ndipo masana kuwala kumadutsa. Kumunsi ndi wopyapyala kwambiri. Wachiwiri ukuyambira pakona ya windo la chipinda cha wa lendi uja, n'kutsika mopingasa motsata mizere ya njerwa kulunjika pakona ya nyumba. Umenewu ukuoneka kunja ndi mkati momwe. M'chipinda chomwecho simenti ya pansi yang'ambika, ndipo ukagogoda ndi chidendene pamamveka kuti kunsi kuli mpata. Chitseko cha kukhitchini nacho chimakana kutsekeka dzinja likafika, timachita kuchikankha ndi phewa.

Mvula itagwa bwino chaka chotsatira, mng'alu wa pamalumikizidwe uja unabwererako koma sunatsekeke. Chilimwe chino wayasamanso.

Kuseri kuli mtengo wa mapeyala umene anadzala agogo, masitepe atatu kapena anayi kuchokera pakona imene ikung'ambikayo, ndipo kumpanda kuli wa mabulosi. Kulinso chitsime chimene alongo anga anakumbitsa, poti madzi a m'mipopi mukudziwa nonse mabweredwe ake.

Amisiri awiri afikapo kale. Woyamba anangoponya maso n'kunena kuti kumbuyo konse kugwetsedwe, timangenso. Wachiwiri akuti matumba awiri a simenti ndi mchenga basi, pofika madzulo zatha. Alongo anga ali ku Johannesburg, pafoni amangoti dulani mtengowo. Mayi akuti mtengo wa apongozi awo sugwa iwo ali ndi moyo. Ine ndili pakati, ndipo ndalama zongotaya ndilibe. Kodi nyumbayi ikutitimira? Ana ndiwachotse m'chipinda chakumbuyo? Ndiyambire pati?

aPhiri_aFiyo

Nabanda, pepani ndi nkhawazo. Ine ndayala njerwa ku Highfield, ku Glen Norah ndi ku Mufakose kwanuko kuyambira ndili mnyamata, tsopano mawondo ndiwo akukana. Zimene mwafotokozazi si zachilendo m'nyumba zathu zino.

Taonani kaye mmene mwanenera nokha: ming'alu yonse ili kumbuyo. Nyumba ya agogo anu mwaitchula kuti yang'ambika? Ayi. Ija yakhala zaka zoposa 60, inakhazikika kalekale. Chimene chikuyenda ndi chowonjezeracho. Ndipo ine ndikudziwa mmene tinkamangira zowonjezera masiku amenewo, chifukwa ndalama zinkavuta. Mwininyumba ankagula simenti thumba limodzilimodzi pakutha kwa mwezi. Ngalande ya maziko ankakumba anyamata a pakhomo, ikafika m'mawondo akuti yakwana. Njerwa za pafamu zosapsa bwino, brickforce, waya uja woyala pakati pa njerwa kulimbitsa khoma, mwina mizere iwiri yokha kapena osaika n'komwe, ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma, palibe. Pansi ankangothira dothi lomwe latuluka m'ngalande, kuliponda ndi mapazi, simenti pamwamba. N'chifukwa chake pansi panu pakumveka mpata: dothi lija linaphwa, simenti inatsala yolendewera. Sindikunyoza malemu bambo anu, tonse tinkatero.

Tsopano dothi. Tengani khasu, kumbani pambali pa khoma lakumbuyo, osati pakona pomwe pang'ambikapo, mpaka muone pamene maziko athera. Dzenje laling'ono, ndipo mulikwirirenso tsiku lomwelo. Mudziwa zinthu ziwiri: maziko ndi akuya bwanji, ndiponso akhala pa dothi lanji. Tapani dothilo, linyowetseni, lipotozeni m'manja. Likakhala lakuda, lomata, lopotozeka osaduka, amenewo ndi makande, omwe aja a kumadambo kwathu ku Chikwawa ndi ku Phalombe. Harare yense wamangidwa pakati pa madambo, ndipo malo ambiri otsetserekera ku mitsinje ya Marimba ndi Mukuvisi ali ndi dothi limeneli. Makande akamwa madzi amatupa, akauma amakhwinyata n'kung'ambika. Nyumba yokhala pamenepo imakwera dzinja, imatsika chilimwe, chaka ndi chaka. Chilala chikakula kuuma kumalowa pansi kwambiri kuposa masiku onse. Cha 1992 chija tinagwira ntchito ya ming'alu mpaka kutopa.

Wa matumba awiri uja mumuuze adikire. Kuthira simenti yolimba mu mng'alu umene ukuyendabe kuli ngati kuika mwala pakati pa chitseko ndi felemu: mvula ikabwera khoma lifuna kubwerera pamalo pake, lipeza potseka, ndiye lithyoka pena. Wogwetsa uja nayenso wafulumira, mwina anaona ntchito ya miyezi itatu.

Chimene mungachite sabata ino osalipira munthu: khomani misomali ya konkire iwiri, wina mbali iyi ya mng'alu, wina mbali inayo. Chitani choncho kumwamba, pakati ndi kumunsi. Yezani mpata wa pakati pa misomaliyo ndi rula, lembani m'kope pamodzi ndi tsiku. Pamene mng'alu wathera chongani ndi pensulo. Kamodzi pamwezi, mpaka dzinja lidutse ndi chilimwe chomwe. Kope limenelo lidzakuuzani zoona kuposa mmisiri aliyense, ngakhale ine.

Ndipo kuseri kuja mumatayira kuti madzi ochapira? Ndikufunsa chifukwa ndikudziwa amayi athu.

Mjomba_wa_Mbare

Achemwali, mwina ndi chivomerezi chija cha mu Febuluwale 2006 chimene chinachokera ku Mozambique. Kuno ku Mbare tinathawira panja usiku ndi mabulangete, ndipo nyumba ya aneba athu inang'ambika nthawi imeneyo. Koma ine ndikugwirizana ndi alongo anu, dulani mtengowo. Mapeyala mugula ku Musika, nyumba simuigula.

Mbewe_Injiniya

Mayi Nabanda, aPhiri anena zambiri zolondola, ine ndingowonjezera ndi kutsutsako pang'ono. Dziwani kuti ndikulankhula za nyumba imene sindinaione, choncho mawu anga asalowe m'malo mwa munthu wofika pamalopo.

Za chivomerezi tichotse kaye. Mng'alu wa chivomerezi umabwera kamodzi n'kuima. Wanuwu ukutseguka chilimwe n'kubwerera dzinja, ndiye kuti ukutsata chinyezi cha m'nthaka.

Ukulu wa mng'alu timauyeza mu mamilimita, ndipo ambiri a ife timatsata magulu amene anakhazikitsa a Building Research Establishment ku Britain. Wosapitirira mamilimita 5 nthawi zambiri ndi nkhani ya maonekedwe ndi kulowa kwa madzi. Kuyambira 5 mpaka 15 pamafunika kukonza kwenikweni, zitseko ndi mawindo zimayamba kuvuta, mapaipi amatha kusweka. Kuyambira 15 mpaka 25 ndiye kuti mbali zina za khoma zimangidwenso. Kupitirira 25 nyumba ingathe kukhala yoopsa. Chala chaching'ono chikamalowa muli chapakati pa 10 ndi 15. Si zongopaka penti, komanso si zothawa usiku.

Mng'alu wa pamalumikizidwe sundiopsa kwambiri. Pamenepo pali nyumba ziwiri zosiyana zaka ndi maziko, ndipo zikuyenda mosiyana. Kukula kwake kumwamba kukusonyeza kuti mbali yakutali ya chowonjezeracho ndiyo ikutsika, nyumbayo ikupendekera kunja. Wopingasa wa pawindo uja ndiwo ndikufuna muuyang'anitsitse, chifukwa ukuloza kona imene yataya pokhalira.

Ana ndi wa lendi muwachotse m'zipindazo tsiku lomwelo mukaona chimodzi mwa izi: khoma lapendekeka kapena latupa pakati moti chingwe chomangirira mwala chikusonyeza, mbali imodzi ya mng'alu yatulukira kunja kuposa inzake, lintala, mtanda wonyamula khoma pamwamba pa windo kapena chitseko, yasweka, mitengo ya denga yayamba kusolola pamene inakhala pakhoma, kapena muyeso wa pa misomali ukukwera sabata ndi sabata osati mwezi ndi mwezi. Za denga mutumize munthu akwere aone mkati, koma asaponde asibesitosi wakale, amaphwanyika mosachenjeza, ndipo asamudule kapena kumuboola chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Pa mtengo, Mjomba ndi alongo anu ndikutsutsana nawo. Mtengowo unadzalidwa chowonjezeracho chisanamangidwe, kutanthauza kuti maziko anakhala pa dothi limene mizu inali itaumitsa kale. Mukaudula lero, makandewo ayamba kumwa madzi amene mtengo unkamwa, atupa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ndipo konayo ingathe kukankhidwira m'mwamba. Mudzakhala mwasinthanitsa vuto ndi vuto. Chabwino n'kuusadza nthambi pang'ono chaka chilichonse kuti masamba achepe, pakuti masamba ndiwo amakoka madzi. Ukanakhala bulugamu kapena jakaranda ndikanalankhula zina. Ine amene ndikumukayikira ndi mabulosi, osati pa maziko koma pa mapaipi. Nyumba za zaka zimenezo zili ndi mapaipi a suweji adothi, olumikizidwa zidutswazidutswa, ndipo mizu imalowera m'malumikizidwemo. Paipi yotero ikamadontha pafupi ndi maziko imafewetsa dothi mbali imodzi pamene mbali ina ili gwaa. Fufuzani kuti paipi yanu imadutsa pati. Zowonjezera zambiri za m'makomboni zinamangidwa pamwamba pa paipi penipeni. Vundukulani chivundikiro cha suweji, wina athire ndowa ya madzi kuchimbudzi, inu muone ngati onse akufika ndiponso ngati muli mizu. Tsiku limene madzi a m'mipopi abwera, tsekani mipopi yonse muone ngati mita ya madzi ikuzungulirabe.

Chitsime: chili pa mtunda wanji kuchokera kukhoma, ndipo mkati anamangira njerwa kapena ma ring a konkire mpaka pansi? Chosamangira m'mbali chimagumuka mwakachetechete ndi kukoka dothi la pafupi.

Chitseko chokana dzinja chokha chingakhale thabwa lotupa ndi chinyezi. Yezani felemu kuchokera kona ya kumwamba kumanzere kufika ya kumunsi kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso ikasiyana kwambiri ndiye kuti felemu yapindika.

Kulimbitsa maziko ndi konkire kunsi kwake, kumene timati underpinning, kumatheka, koma ndi chomalizira. Amakumba chigawo cha mita imodzi, kuthira, kudikira chiume, kulumpha china, osati kukumba khoma lonse nthawi imodzi. Wina akadzati akumba mbali yonse tsiku limodzi, mumuthamangitse. Ntchito imeneyo ilembedwe ndi injiniya wolembetsedwa ku Engineering Council of Zimbabwe, ndipo muli ndi ufulu womufunsa satifiketi yake. Kumuitana kuti adzaone ndi kulemba lipoti n'kotchipa kuyerekeza ndi kugwetsa zipinda zitatu.

NaPhiri_Dzivarasekwa

Nabanda mnzanga, za paipi zimene anena aMbewe musazitenge mopepuka. Kwathu zinali choncho. Kona ya bafa inkatsika, ife n'kumanamizira mtengo wa mango wa aneba, mpaka tinasiya kupatsana moni. Chimene chinatidzidzimutsa ndi udzu: mu Okutobala pabwalo ponse pali mbee, koma pakona pomwepo pali biriwiri. Atakumba anapeza paipi yadothi itasweka, mizu itadzaza. Anaika ya pulasitiki, ife tinadikira chaka chathunthu tisanamate ming'alu, kenako tinazunguliza nyumba ndi konkire wa mita imodzi m'lifupi wopendekera kunja kuti madzi a padenga asamaime m'mbali mwa khoma. Maluwa anga amene ndinkathirira m'munsi mwa windo ndinawasamutsira kumpanda. Chiyambireni kamng'alu kowonda kamabwerabe chilimwe, koma sikakula.

Ndipo ngati paipi yanu ikudontha pamene chitsime chili pabwalo lomwelo, nkhani yakula kuposa khoma. Kolera ya 2008 ija tonse tikuikumbuka, ndipo ya 2018 inayambira ku Glen View ndi ku Budiriro, pafupi pomwepa. Madziwo muziwiritsa kapena kuthira mankhwala mpaka mutatsimikiza.

China, ndikulankhula ngati mkazi mnzanu. Nyumbayo ili m'dzina la ndani? Ngati idakali m'dzina la agogo, ndiye kuti azakhali ndi ana awo nawonso ali ndi mawu. Lero akuti konzani inu mukukhalamo, mawa yakongola aliyense akumbukira kuti ndi mdzukulu. Musanaike ndalama yaikulu khalani pansi ndi abale, alongo anu a ku Joni akhale pafoni, mugwirizane kuti akupereka ndani, ndipo malisiti onse musunge. Mufufuzenso ngati chowonjezeracho chinali ndi pulani yovomerezedwa, chifukwa mukadzafuna kumanganso funso loyamba lidzakhala limenelo.

Mayi musalimbane nawo za mtengo. Auzeni kuti injiniya wati usadulidwe, mudzaona mmene akuphikireni tiyi.

Nabanda_Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Loweruka tinagwira ntchito ndi wa lendi uja.

Bambo Phiri, mwandiseketsa chifukwa mwalasa: madzi ochapira ndi otsukira mbale mayi amawakhuthulira patsinde pa mapeyala, akuti mtengo umwe. Tinakumba monga munanenera. Maziko athera chapamwamba pa bondo langa ndikaima m'dzenjemo, ndipo dothi lake ndi lakuda, lomata, likanyowa limapotozeka ngakhale kulizunguliza chala. Misomali takhoma, kope tayamba. Kumwamba kwa mng'alu wa pamalumikizidwe rula ikuti mamilimita 12, wa pawindo 6.

Bambo Mbewe, chingwe ndi mwala tayesa makoma onse atatu akumbuyo, palibe lopendekeka loti maso angaone. Lintala ndi yabwino. Koma suweji ndiye nkhani. Titavundukula tapeza mizu yopyapyala yambirimbiri, ndipo madzi a mu ndowa anafika mochedwa komanso ochepa. Mayi akuti paipi imadutsa kunsi kwa chipinda cha wa lendi, akukumbukira kuti bambo anakangana ndi mmisiri za zimenezo. Chitsime chili chapafupi mamita 5 kuchokera kukhoma, chomangira njerwa kumwamba kokha.

Mayi Phiri, nyumba idakali m'dzina la agogo. Mwandikhudza pachilonda, koma mwanena zoona, Lamlungu ndikupita kwa azakhali ku Kambuzuma.

Funso langa tsopano: mvula yatsala pang'ono. Mng'alu ndiusiye woyasama choncho madzi azilowa? Ndipo ndiyambe paipi kapena konkire wozungulira nyumba?

Mbewe_Injiniya

Yambani paipi, mayi, ndipo mvula isanayambe. Musalole kuti aswe pansi pa chipinda kuti akonze yakaleyo pomwe ili. Pulambala aone ngati ingadutse kunja, kuzungulira chowonjezeracho, yakaleyo aitseke mbali zonse ziwiri. Polumikiza ku paipi yaikulu ya mumsewu pamafunika chilolezo cha khonsolo, mufunse ku ofesi ya dera lanu. Ngalande yatsopano isayandikire maziko, ndipo pokwirira asinje dothi pang'onopang'ono, osangolikankhira.

Konkire wozungulira nyumba abwere paipi ikatha, apo ayi mudzamuswanso. Chitsime chimangiridwe mpaka pansi, madzi ake musamwe osawiritsa.

Ndi maziko osaya choncho pa makande, ndiponso mamilimita 12, injiniya afike ndithu aone ndi maso, makamaka kona ija. Mumuonetse kope lanu.

aPhiri_aFiyo

Mng'alu musausiye pululu, mwananga, koma musauike simenti. Kunja kokha, lowetsani siponji kapena chingwe chofewa, pamwamba mumate ndi silikoni kapena phula lomatira denga, zimene zimatamuka khoma likamayenda. Misomali ija musaikwirire. Ndipo mayi muwakumbire kangalande kotengera madzi ochapira kumpanda, kutali ndi khoma ndi chitsime chomwe, chifukwa kungowaletsa ndi pakamwa sizitheka. Mukafuna pulambala mundiuze, ndili ndi mphwanga amene amagwira cha ku Mufakose komweko, koma za malipiro mukambirane nokha.